Nyengo Imene Ndinkawotcha Thambo

Mkazi wanga atamwalira ndinasanduka mlendo pakhomo limene ndinamanga ndi manja anga. Musadabwe, ndi mmene zimatikhalira ife akamwini. Mudzi ndi wa mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, iwe ndiwe tambala wobwereka. Titameta, alamu anga a Gwirize, amene anali mwinimbumba, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nandisudzula bwinobwino, mopanda chipongwe. Anandithokoza chifukwa cha denga ndi khola la mbuzi. Kenako anati njira ili poyera.

"Nanga mwanayu?" ndinafunsa.

Sungeni, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali pakhonde akusenda nthochi yosapsa ndi mano. Anali asanayambe ndi sukulu yomwe.

"Mwana ali kwawo, alamu," anatero a Gwirize. "Inu pitani mukapumitse mtima. Akakula, akakufunani, tidzakuitanani."

"Mudzandipeza kuti? Kwathu kunabalalika kalekale, inu mukudziwa."

Anakanda chibwano. "Si pali wailesi? Tidzapita kuboma kukapereka uthenga. Inu muzingomvera madzulo."

Mwina mawu amenewo anangowanena kuti anditseke pakamwa. Ine ndinawatenga ngati lamulo. Ndinanyamula bulangeti, mpeni, ndi kawailesi kathu ka chikopa chong'ambika, ndipo ndinatuluka osayang'ana kukhonde, chifukwa ndikadayang'ana sindikadachoka. Wosudzulidwa sabwerera yekha, amadikira kuitanidwa.

Wailesi ya kwathu inali ndi nthawi ya mauthenga dzuwa likamalowa. Muulutsi wake anali wa mawu aulesi, ndipo ankawerenga zonse mofanana: maliro, matenda, maukwati, ng'ombe zosokera. "Kulikonse kumene muli, bwerani msanga." Koma abale, anthu oitanidwa m'dziko muno ndi ambiri! Madzulo aliwonse ndinkamva mayina akudutsa, a eni ake, ndipo ndinkawachitira nsanje ngakhale oitanidwira maliro.

Tauni yoyamba imene ndinakhalamo inali ya fumbi, ya msewu umodzi ndi chigayo chimodzi. Kumeneko wailesi ya kwathu inkamveka ngati munthu akuyankhula ali m'chitsime. Dzina likangoyamba, mkokomo unkalimeza. Ndinkakanikiza khutu pasipika mpaka khutu kutentha, osatola kanthu. Ndiye ndinapita nako kwa a Jailosi, okonza mawailesi kuseri kwa msika, bambo wachikulire wa magalasi omangirira ndi ulusi.

Anakatsegula, nakanunkhiza, nakatsekanso.

"Kalibe matenda aka, achimwene. Malo ano ndiwo ogontha. Madalaivala a malole amati kuseri kwa mapiri uko wailesi ya kwanuyo imamveka ngati muulutsi wakhala nawe pampando umodzi."

"Kutali ndiko kumveke bwino kuposa pafupi? Inu a Jailosi!"

"Ine ndimakonza za m'bokosi. Za mumlengalenga kafunseni akhwangwala."

Ndinalibe kolowera, choncho ndinakhala nawo. Anandiphunzitsa kusungunula mtovu ndi chitsulo chotenthetsa pambaula, kupeza kachipangizo kopsa ndi mphuno, ndi kukhudza waya ndi nsonga ya chala kuti ndimve ngati muli moyo. Sankayankhula zambiri. Tinkakhala tsiku lonse titaweramira thebulo limodzi, mawailesi a anthu akulira mbali zonse, ife awiri tili duu.

Dzinja lina a Jailosi anadwala chifuwa. Mwini nyumba anakapereka uthenga woitana ana awo aamuna amene anali m'matauni akutali. Uthengawo ndinaumva ndekha, modukaduka, ndili pambali pa mphasa yawo.

"Awaitana ana anu," ndinawauza. "Abwera."

"Tsitsani imeneyo," anatero. "Ikutha mabatire."

Sanabwere. A Jailosi atamwalira tinawaika ife a kumsika, ndipo amene ananyamula kumutu kwa bokosi anali wogulitsa makala. Pobwerera kumanda ndinalumbira mumtima kuti ine tsiku limene adzanditchule ndidzanyamuka pomwepo, osamanga ndi zingwe za nsapato zomwe. Koma kuti unyamuke uyenera kuti wamva, ndipo tauni ija inali yogontha. Ndinatenga chitsulo chowotcherera cha a Jailosi n'kulunjika kumapiri.

Madalaivala sananame. Nditatsikira kuseri kwa mapiri, muulutsi anatuluka m'chitsime muja. Ndinayamba kumva mayina athunthu, ndi midzi yake, ndi mafumu ake. Ndikayenda masiku angapo, mawu ankawonjeza kuyera, ndipo mtima unkati pita patsogolo pang'ono, mwina kumeneko kukumveka bwino koposa. Ndinkadziwa kuti phazi lililonse likunditalikitsa ndi Sungeni. Koma khutu linkandiuza kuti ndikuyandikira, ndipo ine ndinamvera khutu.

Midzi ya m'njiramo ndimaikumbukira ngati mudzi umodzi. Ndinkafika masana, galu n'kuuwa, mayi wina n'kutuluka akupukuta manja m'chitenje. Ndinkawakonzera wailesi yakufa, iwo n'kundipatsa pogona m'khitchini. Dzuwa likapendeka ndinkakhala pamtondo wogwadika ndi kawailesi kanga pamaondo.

"Mukudikira uthenga wa ndani, bambo?"

"Wa mwana wanga wamkazi."

"Ndi wamkulu bwanji?"

Ndinkaimika dzanja, zala kumwamba monga timayezera munthu, kulekeza m'chiuno mwanga. Mudzi wotsatira funso lomwelo, dzanja lomwelo. Dzinja linkabwera, malimwe ankabwera, chikopa cha wailesi chinatha n'kusokerapo chigamba cha thumba la feteleza, dzanja lili pomwepo. Mpaka mudzi wina mayi wokhala ndi mpata kumano anandifunsa kuti ndinachoka liti, ndipo nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Aaa, bambo inu! Mwana amadikira dzanja lanu? Ameneyo pano akutunga madzi ndi ndowa yaikulu!"

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuimika dzanja. Akandifunsa ndinkangoti kaya. Ndipo n'zoona sindinkadziwa, chifukwa ndikatseka maso ndinkaona nthochi yosapsa ija bwinobwino, koma nkhope inali itayamba kufufutika. Zimenezo zinandipweteka kuposa njala.

M'tauni ina ya njanji ndinakumana ndi Zuze, womanga nsanja za mawailesi, mnyamata wamkulu thupi wokonda kuimba ali m'mwamba. Anandilemba ntchito yomupatsira mabawuti. Anandiphunzitsa kukwera: manja awiri ndi phazi limodzi zigwire, chimodzi chokha ndicho chisunthe, ndipo osayang'ana pansi kufunafuna anthu amene sakukuyang'ana. Tsiku lina tili pansonga, mphepo ikutigwedeza, ndinamufunsa funso la akhwangwala lija.

"Zosavuta, madala," anatero. "Mawu akachoka pansanja sayenda pansi ngati ine ndi inu. Amakwera, amakagunda denga, n'kukagwa kutali. Okhala pakatipa amangowadutsa pamutu."

"Denga la ndani?"

"Kaya, la Mulungu. Ine sanandiitane pomanga."

M'tauni momwemo munali mayi wamasiye wokazinga mandasi pasiteshoni ya sitima. Ankandisungira awiri otentha, okulungidwa m'pepala, ndipo tsiku lina anandisokera batani osandifunsa. Zuze ankanditsina m'nthiti. "Madala, kali kokha n'kanyama. Mukudikira chiyani?" Mayiyo anandiitana kwawo, kuchigwa cha nthochi ndi nzimbe, ndipo ndinapita. Nyumba yabwino, madzi pafupi, munthu wofatsa. Dzuwa likulowa ndinatsegula kawailesi. Mkokomo wokhawokha, chigwa chinali chakuya kwambiri. Ndinapukusa uku, ndinapukusa uku, ndinakwera pachulu, koma ayi.

"Pano sipamveka," ndinamuuza.

"Ine ndikumveka," anatero.

Ndinanyamuka m'mawa mwake. Ndinali ndi chisoni, osanama, koma ndinanyamuka. Zuze ndiye anakwatira m'tauni ija n'kukhala mkamwini, ndipo nditamuchenjeza anangoti walira mvula walira matope.

Kuchokera pamenepo midzi inayamba kutalikirana. Mitengo inafupika, kenako inatha. Ndinafika m'dziko lathyathyathya, la udzu wofiirira ndi miyala yoyera, kumene munthu akamabwera umamuona m'mawa iye n'kufika masana. Wailesi ya kwathu inkamveka mwakuti ndinkamva muulutsi akumeza malovu. Pakati pa dziko limenelo ndinapeza munda umene sindinauonepo chibadwire. Munalibe mbewu. Munali mizati yachitsulo mizere mizere, yofanana msinkhu, ndipo pamwamba pake anayalapo mawaya opingasana ngati ukonde. Pambali panali nyumba ya malata yokhala ndi injini zazikulu za dizilo, ndi kanyumba kena koyera.

M'kanyumbamo munatuluka mayi wa imvi zoyambirira, atavala jekete la amuna pamwamba pa chitenje. Anayang'ana chitsulo chowotcherera chimene chinatulukira m'thumba langa, kenako manja anga.

"Mumakwera mizati?"

"Ndimakwera, mayi."

"Injini mumaziopa?"

"Ndingaphunzire."

Anali aNangondo, mkulu wa malowo, munthu wophunzira za mlengalenga mpaka kutsidya kwa nyanja. Anzawo a ntchito ankabwera ndi kupita, koma iwo ankakhala. Ataona mmene ndinkakumbatirira kawailesi madzulo, anandipatsa dzina loti a Makutu, ndipo pamalopo palibe anandiitanapo ndi dzina lina.

Ndinawafunsa kuti m'mundamo amalima chiyani.

"Timawotcha thambo," anatero.

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anandikhazika pa mgolo wa dizilo wopanda kanthu nandifotokozera pang'onopang'ono. Kumwamba kwenikweni, anatero, kupitirira mitambo, kupitirira modutsa ndege, mpweya ndi wochepa kwambiri. Dzuwa likaumenya limauthothola tinthu ting'onoting'ono ta magetsi, totchedwa maelekitironi, ndipo timayandama patokha. Mpweya wothothoka choterowo ankautcha pulazima. Ine ndinawauza za ulendo wanga ndi za denga limene Zuze ananena.

"Limenelo ndilo denga la mnzanu uja. Si la malata, si la udzu. Mafunde a wailesi akafika pamenepo amapindika n'kubwerera pansi. N'chifukwa chake inu mwayenda mtunda wonsewu kuti mumve za kwanu."

"Nanga kuwotchako?"

"Mawaya awa amatumiza mafunde amphamvu molunjika kumwamba. Pamalo pamene mafundewo akutembenukira, amagwedeza pulazima. Mukubadwa timafunde tina ting'onoting'ono, timagundana, timaswana, timakumba timaenje timene timagumuka mwadzidzidzi. Chipwirikiti chokhachokha, a Makutu. Munakazingapo chimanga paphale?"

"Kangati, mayi!"

"Njere zambiri zimangotentha zili pomwepo. Koma imodziimodzi imathetheka n'kudumphira kunja. Maelekitironi nawo n'chimodzimodzi. Ambiri amangofunda, koma kena kakapezeka pamene kadzenje kakugumuka kamaponyedwa ndi liwiro loopsa. Ine ndikufuna kudziwa kuti ndi angati amaponyedwa, ndipo chimawaponya kwenikweni n'chiyani."

"Kakaponyedwa kamabwerera?"

"Ayi. Kamathamanga mpaka kagunde kanthu. Pamene kagundapo ndi pamene pamawala, ndipo ife pansi pano timaona kuwalako."

Ndinaphunzira injini. Ndinaphunzira kumva ndi phazi ngati ina ikutsimphina, kusefa dizilo ndi nsalu, ndi kumangitsa mawaya mphepo ikawakhwefula. Miyezi yotentha ndi ya mvula tinkangokonza ndi kudikira, ndipo madzulo onse anali anga. Nthawi zina aNangondo ankabwera ndi tiyi kudzakhala nane pamigolo. Ankamvera nawo mauthenga, mwakachetechete. Ndinazindikira kuti nawonso ntchito yawo inali yotumiza funso kumwamba n'kutchera khutu. Kwa nthawi yoyamba chichokere kwa a Jailosi ndinali ndi munthu wokhala naye duu.

Kenako inafika nyengo yozizira, ya thambo loyera. ANangondo anandiuza kuti kuwala kuja n'kofooka, masana sikuoneka. Kumafuna kuti pansi pade koma kumwamba kukhale kukulandirabe dzuwa, kutanthauza nthawi imene dzuwa langolowa kumene. Imeneyo inali nthawi ya mauthenga.

Ndinayesa kuika kawailesi pawindo la nyumba ya injini. Mawaya atangoyamba kutumiza, kanabangula ngati ng'ombe yogwidwa ndi fisi, osatulutsa ndi liwu limodzi lomwe. Mphamvu ya m'mundamo inkatseka makutu a wailesi iliyonse yapafupi. Ndipo injini sizinkasiyidwa zokha, zinkafuna munthu.

"Mayi," ndinawapempha, "tingayambe mauthenga akatha?"

"Mauthenga akamatha, kumwamba kumakhala kwada, a Makutu. Pepani. Koma mitambo ikabwera sitiyatsa, mudzamvera."

Ndinaganiza zonyamuka. Koma ndikanapita kuti kumene kunkamveka bwino kuposa pamenepo? Ndinadziuza kuti ndi nyengo imodzi yokha. Zaka zonsezi sanaitane, aitane mwezi uno? Komanso, ndinene zoona, ndinali nditatopa ndi kugona m'makhitchini a eni ake. Ndinayatsa injini.

Mitambo sinabwere. Madzulo ndi madzulo thambo linali mbee, lopanda ndi kabanga komwe. ANangondo ankati nyengo yotere sanaionepo m'moyo wawo. Tsiku lina anandikoka dzanja kunditulutsa m'nyumba ya injini, ndili ndi girizi m'manja.

"Yang'anani apo, pamwamba penipeni. Musaphethire."

Poyamba sindinaone kanthu. Kenako, pakati pa nyenyezi zoyambirira, panatulukira kachigamba kofiira mozilala, kozungulira, ndipo m'kati mwake munali timizere tobiriwira tonjenjemera. ANangondo anakuwira anzawo a ntchito kuti azimitse, kachigamba kanazilala. Anakuwa kuti ayatse, kanabweranso. Ha! Munthu wobadwa mwa mkazi kuyatsa ndi kuzimitsa thambo! Misozi inkatsika m'masaya mwawo ndipo sankaipukuta.

"Ndi omwe aja, a Makutu. Odumpha paphale aja."

Chinali chinthu chokongola, sindingakane. Koma ine ndili chiimire pamenepo ndinkadziwa kuti mawu a muulutsi akudutsa m'denga lomwelo, akugwera pamutu panga ndi mayina onse a tsikulo, ndipo ine sindikumva. Ndinali ndi mantha ngati munthu amene wasiya mwana pafupi ndi moto. Ndinabwerera ku injini zanga.

Nyengo ija inatha. Madzulo oyamba opanda injini ndinatsegula kawailesi, ndipo muulutsi anali momwemo, ndi maliro ake, ndi ng'ombe zake. Palibe chinasintha. Ndinapuma. Zaka zina zinadutsa, nyengo zozizira zake zinali za mitambo, ndipo tinkayatsa mwa apo ndi apo. Imvi za aNangondo zinadzaza mutu. Ine maondo anayamba kukana mizati.

Tsiku limene ananditchula linali tsiku wamba, lotentha, la ntchentche. Tinali pamigolo yathu ndi tiyi. Muulutsi anali wina tsopano, wamkazi, wa mawu othamanga. Anamaliza maliro n'kuyamba maukwati. Anatchula mudzi wa mkazi wanga, ndi mfumu yake, ndipo kapu inandipulumuka. Anatchula Sungeni. Anati akumanga banja ndi mnyamata wakutiwakuti, abale ndi abwenzi nonse mukuitanidwa. Kenako anatchula makolo a mkwatibwi. Dzina la mkazi wanga linali ndi mawu oti malemu patsogolo pake, monga kuyenera. Dzina langa linatsatira, lathunthu, lomveka bwino kuposa dzina lililonse limene ndinamvapo pa wailesi. Nalonso linali ndi malemu patsogolo pake.

Muulutsi anapitirira ndi mbuzi zosokera.

ANangondo sankadziwa dzina langa lenileni, koma anaona nkhope yanga. "A Makutu, n'chiyani? Ndi uthenga wanu?"

"Mwana wanga akukwatiwa."

Anadumpha n'kululutira, mayi wophunzira uja, mpaka mbalame zinauluka pamawaya. "Ndiye mwaitanidwa! Nyamukani!"

"Aitana amoyo, mayi. Ine akuti ndinafa."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Ine ndinalira ngati mwana, mokweza, m'dziko lopanda mtengo wobisalako.

M'mawa mwake ndinawaonetsa injini imene inkatsimphina ndi malo amene ndinkasungira nsalu yosefera. Anandifunsa ngati wosudzulidwa amabwerera osaitanidwa. Ndinati mwambo umenewo ndi wa anthu amoyo, wa akufa sindinaumvepo. Anandiveka jekete lawo lija, nandiperekeza mpaka pamzati womaliza.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita, poti miyendo inali ina. Tsiku la ukwati linandidutsa ndili m'njira, sindikudziwa kuti ndinali mudzi uti. Midzi inali yomweija, agalu omwewo, amayi opukuta manja m'chitenje, koma tsopano ambiri anali ndi mafoni ndipo mawailesi akufa ankangowataya. Ankandipatsa pogona chifukwa cha ukalamba basi. M'tauni ya njanji ndinapeza nsanja ya Zuze ili chiimire, yadzimbiri, ndipo pamalo a mandasi panali mtsikana wogulitsa zina. Sindinafunse za munthu aliyense.

Madzulo ndinkatsegulabe kawailesi, osati kudikira uthenga, koma kuti ndidziwe njira. Mawu akayera ndinkadziwa kuti ndasokera. Akayamba kulowa m'chitsime ndinkadziwa kuti ndalunjika. Nditawoloka mapiri, muulutsi anamira, ndipo tsiku lina anatheratu, kunatsala mkokomo wokha. Ndinakatseka n'kukasiya pachitsa m'mbali mwa njira.

Mudzi wa mkazi wanga unali utakula. Nyumba imene ndinamanga panalibe, pamalo pake panali ina ya njerwa zowotcha. Ndinaima pabwalo masana dzuwa lili pamutu, pakamwa pouma.

"Odi!"

"Eee, ndani?"

Anali mawu a mkazi wanga enieni. Anatuluka mayi wamtali, wa duku lobiriwira, khanda lili kumsana. Ndinatchula dzina langa. Linamveka lachilendo m'kamwa mwanga momwe. Anagwira chitseko. Anandiyang'ana kumaso, kumanja, kumapazi, n'kubwereranso kumaso. Sanathawe, sanakuwe.

"Tinakuitanani," anatero Sungeni. "Malume atamwalira, panalibenso woletsa. Ndinayenda ndekha wapansi kupita kuboma. Inali nyengo yozizira, ndinali ndisanathe ndi sukulu yomwe. Anaulutsa madzulo aliwonse mpaka mwezi unafa. Ine ndinkakhala pamphambano paja kuyang'ana aliyense wotsika basi."

Ndinamufunsa kuti chinali chaka chiti. Atandiuza, ndinawerenga nyengo zozizira chobwerera m'mbuyo, imodziimodzi, ndipo ndinakafika pamene ndinkaopa.

"Akuluakulu anati munthu uja ankagona ndi wailesi kukhutu, ngati sanabwere ndiye kuti kulibe. Munali kuti, bambo?"

"Ndinkawotcha thambo, mwanangu."

Sanaseke. Anasuntha khanda kumsana, maso ali pa ine.

"Ine ndinameta," anatero. "Ndinameta mpala, ndinalira ndekha, chifukwa mudzi uno munalibe wina wokulirani. Tsitsi linamera kalekale. Tsopano ndichite nanu chiyani?"

Analowa m'nyumba, ndipo anakhalitsamo. Ndinkamva khanda likulira, iye akulitonthoza ndi mawu otsika. Potuluka anali ndi mphasa ndi kapu ya madzi. Mphasayo sanaiyale pakhonde. Anaiyala pabwalo, pamthunzi pamene amakhazika alendo odutsa. Ndinakhala pansi, ndinamwa madziwo. Iye anagwada chapatali, manja pamodzi, maso pansi.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino," ndinatero. "Kaya inu kuno."